Za Ulere pa Intaneti, N'zauleredi?

Anzanga, Loweruka lapitali ndinatsutsana ndi msuweni wanga kuchigayo. Iye akuti kupita ku koleji ndi kutaya ndalama chifukwa chilichonse chili pa YouTube, chaulere. Mawuwa anandilasa mtima, poti chaka chino bambo agulitsa mbuzi zinayi kuti achemwali anga akayambe maphunziro a unamwino. Kunyumba tiyi tikumwa wopanda shuga. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa: kodi bambo analakwitsa?

Msuweni wangayo sakunama kwenikweni. Anaphunzira kukonza mafoni poonera mavidiyo, ndipo pano amapeza ya sopo pamsika. Inenso algebra yomwe inkandizunguza mutu ndinaimvetsa pa Khan Academy, pa foni ya aphunzitsi athu a masamu.

Koma kwa ife akumudzi, ulerewo uli pati? Foni yake iti? Bandulo agula ndani? Kutchajitsa n'kolipira, netiweki kwathu mpaka ukwere pachulu. Vidiyo isanathe n'komwe, uthenga wabwera kale woti bandulo yatha.

Chachiwiri, pali ntchito zina zimene vidiyo singakuphunzitse. Tanenani zoona, mungalole munthu amene anaphunzira kubaya jakisoni pa foni kuti abaye mayi anu? Namwino amaphunzira m'chipatala moyang'aniridwa, amalemba mayeso, kenako amalembetsa ku bungwe la anamwino ndi azamba asanayambe ntchito. Pepala limenelo si lokongoletsera khoma ayi.

Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anawerenga yekha buku la mu laibulale n'kupanga makina opangira magetsi ndi mphepo. Komabe mwayi utapezeka sananene kuti "ndadziwa kale". Anabwerera m'kalasi mpaka anamaliza ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Koleji ndi yodula, sindikukana. Koma boma limapereka ngongole kwa ophunzira osowa m'mayunivesite, komanso kuli masukulu a ntchito zamanja a TEVETA. Makomo ambiriwa satseguka opanda MSCE yabwino.

Choncho anzanga a Fomu 2, JCE ili pakhomo. Mukabwereka foni, onerani zokuthandizani m'kalasi, koma musasiye sukulu poganiza kuti intaneti ikupatsani satifiketi. Ine ndaona kuti bambo sanalakwitse. Mbuzi zidzaswananso, tiyi wopanda shuga tipirira basi.

Wophunzira wa Fomu 2