PA MALONDA ATHU: Kakhadi kothandiza wogula kukupezaninso

Inu amene mumayenda ndi madengu a usipa ndi utaka kuchokera ku Mangochi kapena ku Salima kupita ku Mwanza mumapadziwa pa Zalewa, m'boma la Neno, pamene msewu wa ku Mwanza umapatuka mu msewu waukulu wa M1, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Malonda a pamenepo ndi othamanga. Munthu amatsika minibasi, nalawa nachesi limodzi, nagula dengu, dalaivala ali pa hutala. Pakapita milungu itatu afuna matumba 20, koma mwini manachesi aja sakumudziwa dzina, ndipo nambala imene anailemba pachikhatho inapita ndi sopo tsiku lomwelo. Ndalama ija adya ndi wina.

Bizinesi khadi si ya mabwana a mataye okha ayi. Ntchito yake ndi imodzi basi: wogula amene wakondwa ndi katundu wanu athe kukupezaninso popanda kufunsa anthu pamsewu. Chilichonse chimene sichithandiza pa ntchito imeneyi chisalowepo.

Kakhale kofanana ndi chitupa cha unzika, mamilimita 85 m'litali ndi 55 m'lifupi, kuti kalowe m'chikwama pamodzi ndi ndalama. Pamwamba lembani dzina limene anthu amakudziwani nalo pamsika. Ngati onse amakuitanani kuti Che Uje wa nsomba, dzina la kusukulu lokha lidzangosokeretsa wokufunani. Kenaka lembani chimene mumagulitsa, m'mawu awiri kapena atatu, ndi miyezi yake ngati ndi katundu wa nyengo. Manachesi amachuluka m'nyengo yozizira, cha m'ma Meyi mpaka Julayi. Wogula adziwe zimenezi asanabwereke lole.

Pa nkhani ya malo ndiye ambiri amaphonya. Neno linakhala boma palokha m'chaka cha 2003, litachotsedwa ku Mwanza, ndipo ndi dera lotambalala. Zalewa ndi Lisungwi zili kumunsi kotentha, pamene Neno boma ndi Dambe zili kumapiri, kumene msewu wake umavuta nthawi ya dzinja. Kungolemba kuti "Neno" ndiko kutumiza mnzanu kukwera phiri inu muli m'mphepete mwa Shire. Tchulani msika wake, tsiku la msika, ndi chizindikiro chimene mlendo angachione: pafupi ndi chigayo, kuseri kwa sukulu, moyang'anana ndi mzikiti.

Nambala ya foni ikhale ya zilembo zikuluzikulu kuposa zonse, yoti gogo aiwerenge madzulo popanda magalasi. Ndi bwino kuika ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, pakuti kumapiri imodzi ikakana ina imagwira. Amene muli ndi ogula a ku Zobue ndi ku Tete yambani ndi +265, n'kuchotsa 0 woyambayo. Ndipo taonani ichi abale: ngati mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina limene limatuluka pafoni ya wotumiza lifanane ndi la pakhadi. Nambala ikakhala yolembetsedwa m'dzina la mayi a kunyumba, lembani dzina lawolo m'munsi mwa nambalayo. Munthu akaona dzina lachilendo amabweza chala, poopa akuba a pafoni, ndipo sitingamunene.

Maudindo onenepa asiyeni. Munthu wa benchi limodzi la tomato n'kudzilemba "Managing Director, Import and Export" amangodziseketsa, komanso wogula akafika n'kuona benchilo amayamba kukayika ngakhale sikelo yanu. Zithunzi za ndege ndi maluwa zimangodya malo. Zilembo zakuda papepala loyera lolimba sizifufutika msanga ndi thukuta la m'thumba.

Ena mwa ife amakonda kuikapo ayah ya m'Qur'an kapena dzina la Allah pofuna madalitso. Cholinga n'chabwino, koma kumbukirani kumene makhadi amathera: amagwa m'matope a pa depoti, amapondedwa, amalowa m'thumba kupita nawo kuchimbudzi. Mawu olemekezekawo apachikeni pakhoma la sitolo. Chofunika pakhadi ndi kudziwitsa wogula kuti Lachisanu masana mumatseka kupita ku Jumu'ah, kuti asaononge thiransipoti yake.

Musasindikize ochuluka nthawi imodzi. Pepala limodzi la A4 limatulutsa makhadi 10, choncho mapepala asanu akukwanirani poyamba. M'chaka cha 2009 manambala a foni za m'manja m'dziko muno anatalikitsidwa, ndipo amene anali ndi mulu wa makhadi anayamba kukonza ndi bolopeni limodzilimodzi. Kumene kulibe makina osindikizira, sematsani chidindo chimodzi, muzidinda pa makatoni oyera odulidwa bwino.

Kuseri kwa khadi kusiyeni koyera. Mukagwirizana mtengo wa thumba, lembani pamenepo mtengowo ndi tsiku lake, wogula akuona, musanam'patse.