Seguro ya galimoto: onani tsiku lothera

Kuyambira chaka cha 2003, lamulo la dziko lathu la Moçambique likuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro. Madalaivala ambiri amailipira pongoopa apolisi apamsewu. Pepala lake amalipinda n'kulisunga osaliwerenga.

Seguro yokakamiza imeneyi, imene pa Chipwitikizi timati contra terceiros, siyokonzera galimoto yanu. Imalipira ena: munthu amene mwamugunda, njinga yake, mpanda umene mwagwetsa. Wofuna kuti galimoto yakenso ikonzedwe agule seguro ina yokwera mtengo, ya contra todos os riscos.

Ena amati ndalama zake n'zambiri. Sitikukana, metikali ikuvuta kupeza. Koma taganizani za chapa imene yagunda mayi wogulitsa tomato pamsewu wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè, seguro itatha sabata yatha. Mwini chapayo alipira yekha zonse. Akakhala alibe, mayi aja asowa pogwira pamodzi ndi ana awo.

Inu amene mukuphunzira kuwerenga, yambani ndi pepala limeneli. Lili ndi masiku awiri, loyambira ndi lothera. Funani lachiwirilo. Kenako onani ngati nambala yolembedwa papepalapo ikufanana ndi ya pagalimoto.