Mpando wa kaundula wa intaneti ukalimbiranidwa

Kuno ku Lundazi tikudziwa zimene zimachitika anthu awiri akamalimbirana mpando wa ufumu. Milandu ya minda imaima, ndipo kalata iliyonse yochokera kubwalo imakayikitsa. Zotere zachitikanso ku bungwe limene ambiri a ife sitinalimvepo, koma limene lamya zathu zimadalira tsiku ndi tsiku.

Intaneti imayenda ndi mayina komanso manambala. Dzina ndi lija timalemba tikafuna tsamba, monga mayina othera ndi .zm a kuno kwathu kapena .mw a ku Malawi. Kuseri kwa dzina kuli nambala imene makina amatsata kuti uthenga ufike. Kaundula wamkulu wa mayina amayang'aniridwa ndi ICANN, bungwe lokhazikitsidwa mu 1998 ku California, limene boma la America linasiya kuliyang'anira mu Okutobala 2016. Mayina a .zm ali m'manja mwa ZICTA ku Lusaka. Manambala a mu Africa amagawidwa ndi AFRINIC, imene likulu lake lili ku Mauritius, ndipo makampani a intaneti a kuno amakatenga manambala kumeneko.

Vuto linakula pamene AFRINIC inafuna kulanda manambala oposa 6 miliyoni amene inapatsa kampani ya Cloud Innovation, ponena kuti sakugwiritsidwa ntchito monga mwa pangano. Kampaniyo inakana n'kupita kukhoti. Mu 2021 khoti la ku Mauritius linatseka kwa kanthawi ndalama za AFRINIC kubanki. Pofika 2022 komiti yoyendetsa bungweli inalibe mamembala okwanira kupanga chigamulo, ndipo mu 2023 khoti linaika munthu wogwirizira mpando. Chisankho cha mu Juni 2025 chinathetsedwa anthu atadandaula za makalata opatsa munthu mphamvu yovotera ena, ena mwa eni mavoti akunena kuti sanasainepo kalata yotero. Komiti yatsopano inasankhidwa mu Seputembala chaka chomwecho.

Mbali zonse zili ndi mfundo zake. Ena akuti maboma a mu Africa alowererepo chifukwa manambalawa ndi chuma cha anthu onse. Ena akuopa zimenezo, pokumbukira kuti boma likagwira kiyi limatha kutseka chitseko, monga tinaonera pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinasiya kugwira ntchito kuno ku Zambia. Ife tikuona kuti funso lalikulu ndi la mmene munthu wafikira pampando. AFRINIC ilibe apolisi kapena asilikali. Kaundula wake amagwira ntchito chifukwa makampani onse amavomera kuti zolembedwamo n'zoona, ndipo chikhulupiriro chimenecho chimachokera m'chisankho chimene wopambana ndi wolephera yemwe amachivomera.

Nanga zikutikhudza bwanji ife a ku Lundazi? Lamya sizinazime chifukwa cha mkanganowu, pakuti manambala ogawidwa kale ankagwirabe ntchito. Koma kampani yofuna kukula imafunika manambala atsopano, ndipo ofesi yogawa ikakhala pa milandu, pempho limachedwa. Odikira nthawi yaitali ndi madera akutali ndi Lusaka, kumene mlimi amalandira ndalama za soya kapena mtedza pa lamya, ndipo mwana wasukulu amafunsira malo ku koleji pa intaneti.

Tipemphe aphungu athu afunse ZICTA ndi makampani a intaneti kuti mawu a Zambia ku AFRINIC amanyamulidwa ndi yani, ndipo amavota motani. Phunziro lina lili pakhomo pathu pomwe. M'makopaletivu athu a feteleza ndi m'makomiti a mijigo, tisapereke chitupa kapena siginecha yathu kwa munthu kuti akativotere tisanawerenge chimene chalembedwa. Chisankho cha AFRINIC cha mu Juni chinagwera pamenepo.