Kwaya si ya aliyense, koma buku ndi la mwana aliyense

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanu lino za chinthu chimene makolo, aphunzitsi ngakhalenso atsogoleri a mipingo tachigwira chozondotsa. Mwana akapanda kukonda nyimbo timati ndi wamwano kapena wouma mtima. Koma akapanda kukonda kuwerenga timangoti, "Musiyeni, ndi chibadwa chake." Ine ndikuti zoona zake n'zosemphana ndi zimenezi.

Ndiyambe ndi nyimbo. Alipo anthu amene makutu awo ndi abwinobwino, sakudwala, koma nyimbo siziwafika pamtima. M'chaka cha 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Barcelona ku Spain, mothandizana ndi Robert Zatorre wa ku Montreal, anaunika anthu otere. Atawaikira nyimbo, anthu ena mtima unkagunda mofulumira, thukuta n'kumatuluka pakhungu, koma awa ayi ndithu. Chodabwitsa n'chakuti atawapatsa masewera opata ndalama, mtima wawo unagunda ngati wa wina aliyense. Ankathanso kusiyanitsa nyimbo yachisoni ndi yachimwemwe, kungoti iwowo sizinkawakhudza. Mu 2016 akatswiriwo anajambula ubongo wa anthu otere ndipo anapeza kuti mbali yomva mawu silumikizana mokwanira ndi mbali yobweretsa chisangalalo. Iwo amati anthu 3 mpaka 5 mwa 100 alionse ndi otere.

Tsono abusa ndi ansembe athu, werengerani nokha. Mumpingo wa anthu 200 mungathe kukhala anthu 6 kapena 10 amene kwaya ikamaimba amangomva ngati mvula padenga. Mtsikana woima chilili anzake akuomba m'manja sikuti wagwidwa ndi mzimu woipa ayi. Mumukakamiza bwanji kumva kukoma kumene ubongo wake sumupatsa? Mpatseni ntchito ina, mwina ndiye angawerenge bwino mawu pa guwa.

Kuwerenga ndi nkhani ina. Palibe amabadwa akudziwa zilembo, ndipo kukonda buku kumachita kudzalidwa. Mbewu yake tili nayo kale. Agogo akati "Padangokhala", ana onse amayankha "Tili tonse", ndipo palibe amagona asanamve mmene Kalulu wapulumukira. Mwana wowerenga mokonda amafuna chomwecho basi: adziwe chimene chichitike patsamba lotsatira. Amasankha yekha buku, amalumpha pomutopetsa, amalibwereza kanayi, ndipo akamaliza palibe womufunsa mafunso ndi chikwapu m'manja.

Koma mwana wa kumudzi kuno amakumana nalo kuti buku lotere? Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi anadzaza, ndipo m'sukulu zambiri ana amagwirizira buku limodzi, belu likalira n'kulitsekera m'kabati. Kunyumba pepala lililonse ndi lokulungira usipa. Mwana wotere amadziwa buku ngati chida cha mayeso. Ndiye tinene kuti ndi chibadwa?

Wina ati nthano n'kutaya nthawi. Mu 2013 Alice Sullivan ndi Matt Brown a ku London anafufuza za ana pafupifupi 6,000 obadwa mu 1970 ku Britain. Anapeza kuti amene ankawerenga mongosangalala anapita patsogolo kuposa anzawo, osati pa kudziwa mawu pokha komanso pa masamu. Inde, masamu amene timawalipirira aphunzitsi apadera aja.

Ndikudziwa alipo ana ochepa amene zilembo zimawavuta ngakhale ali anzeru. Amenewo tiziwawerengera mokweza, nkhaniyo aimve ndi makutu.

Pempho langa ndi ili. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nyumba yopemphereramo, ndipo mipingo yambiri imatha kusonkha ndalama za mayunifolomu a kwaya ndi zokuzira mawu. Bwanji osapatulako pang'ono n'kugula kabokosi ka mabuku? Muikemo Nthondo wa Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, Njala Bwana wa Willie Zingani, ndi timabuku ta zithunzi ta ana aang'ono. Mufunsenso a National Library Service mmene angathandizire. Ana azibwereka Lamulungu n'kubweza Lamulungu linalo, ndipo wobweza buku lothimbirira ndi utsi asalipitsidwe.

Mphunzitsi wopuma,
Dowa.