Zikomo salipira basi: za olankhula pa zikondwerero za sayansi

Mu Januwale 2016, mlembi wochuka wa ku Britain, a Philip Pullman, anatula pansi udindo waulemu umene anali nao pa cikondwerero ca mabuku ca mu mzinda wa Oxford. Cifukwa cake cinali cakuti akuluakulu a cikondwereroco sanali kulipira alembi amene anali kuwaitana kudzalankhula. A Pullman, amene pa nthawiyo analinso pulezidenti wa bungwe la alembi la Society of Authors, anadandaula kuti okhoma matenti, osindikiza mapepala ndi osesa onse anali kulandira zao, koma munthu amene khamu lagulira tikiti kuti lidzamumve anali kubwerera kwao ndi zikomo cabe. Caka cisanathe, okonza cikondwereroco analengeza kuti kuyambira mu 2017 wolankhula aliyense azilandira mapaundi 150.

Imeneyo inali nkhani ya alembi, koma funso lomwelo lilinso pa zikondwerero za sayansi. Awa ndi masiku amene akatswiri amaturuka m'mayunivesite kukafotokozera anthu wamba za nyenyezi, matenda, nyengo ndi makina. Mzinda wa Edinburgh unayamba cikondwerero cotere mu 1989, ndipo Cheltenham anayamba cake mu 2002. Anthu amagula matikiti, makampani naonso amaikapo ndalama kuti maina ao aoneke pa zikwangwani. Koma kalipiridwe ka olankhula n'kosiyanasiyana. Kwina amapereka malipiro, kwina amabweza ya ulendo ndi ya malo ogona, kwinanso wolankhula amauzidwa kuti kuonekera pagulu ndiwo malipiro ake.

Okonza zikondwererozi ali ndi mfundo zao, ndipo si zonse zopanda nzeru. Amati ndalama za matikiti sizikwana kulipira zonse, ndipo mtengo ukakwera ana a sukulu ndi mabanja osauka adzatsala kunja. Amatinso pulofesa wa pa yunivesite amalandira kale malipiro pa mwezi, ndipo kufotokozera anthu za kafukufuku wake ndi mbali ya nchito yake, makamaka ngati kafukufukuyo walipiridwa ndi misonkho ya anthu omwewo. Apa ndikuvomerezana nao. Munthu wotere akalankhula ora limodzi kwaulere, poto wa kunyumba kwake sagona cozondoka.

Bvuto ndi lakuti si onse oima kutsogolo amene ali mapulofesa. Alipo ophunzira amene akali kulemba digiri yao ya udokotala, okhalira kandalama kocepa. Alipo olemba mabuku a sayansi ndi oonetsa zoyesayesa kwa ana, amene alibe owalemba nchito ndipo cakudya cao cimacokera m'kulankhula komweko. Kwa iwo, ora limodzi la pagulu ndi masiku angapo okonzekera, tsiku lopita ndi tsiku lobwerera, ndipo masiku onsewo nchito ina yolipira yaima. Tsono mukanena kuti simulipira aliyense kuti pasakhale tsankho, mwasankha kale. Wolemera ndi wa malipiro a pa mwezi adzabwera. Wacinyamata, mai wofunika kulipira womulerera ana, ndi mwana wa mlimi amene wangoyamba kumene nchito adzapepesa kuti atanganidwa. Pakapita zaka, anthu nkumadabwa kuti nkhope zolankhula za sayansi ndi zomwezomwezo.

Ena adzati, nanga anakakamizidwa? Si anavomera okha? Papa Leo XIII anayankha funso lotere kale mu 1891 m'kalata yake ya Rerum Novarum, pamene anaphunzitsa kuti wanchito akavomera malipiro osayenera cifukwa ca kusowa pogwira kapena mantha, kuvomerako sikusandutsa malipirowo kukhala acilungamo. Katswiri wacinyamata amene aopa kuti akafunsa za ndalama sadzaitanidwanso, sanavomere ndi mtima womasuka.

Sindikunyoza nchito yodzipereka, pakuti inenso ndaigwira zaka zambiri ndipo sindinong'oneza bondo. Ku Britain komweko kuli Pint of Science, imene inayamba mu 2013, kumene ofufuza amakambira anthu za nchito yao m'malo omwera, ndipo okonza ake ambiri ndi odzipereka. Pamene onse agwira kwaulere, palibe wodyera mnzake masuku pamutu. Cimene cimawawa ndi kugwira kwaulere pamalo pamene wa zokuzira mawu, wa magetsi ndi mkulu wa cikondwerero onse ali pa ndandanda ya malipiro. Pamenepo wolankhulayo wasanduka wopereka thandizo ku cikondwerero, koma dzina lake silili pa cikwangwani ca opereka thandizo.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Tinazolowera kuti pa mawekishopu, okhala pansi kumvetsera ndiwo amasaina alawansi, mwina pambuyo pa kusinza masana onse. Koma tikaitana makanika wa mukomboni kudzaonetsa ana mmene injini imayendera, kapena mlimi wodziwa kusunga mbewu, timaiwala kuti munthuyo watseka garaja kapena wasiya munda tsiku lonse. Tili ndi zionetsero za JETS, kumene ana a sukulu amapikisana ndi zopangapanga zao kuyambira pasukulu mpaka pa dziko lonse, ndipo zocitika zina za sayansi zidzaculukirabe. Ndi bwino kukonza mwambo wabwino tsopano, tisanatengere woipa wa kunja pamodzi ndi matenti ake.

Cofunika si ndalama zambiri. Polemba bajeti, malipiro a olankhula alembedwe pa mzere wao, pafupi ndi wa cakudya ndi wa mafuta a galimoto. Kalata yoitana inene poyera kuti kuli zingati, kapena kuti kulibe, munthu asanayankhe. Ya ulendo iperekedwe asananyamuke, cifukwa kumuuza kuti adzabwezeredwa pambuyo pake ndi kumukongola mosamupempha. Ndipo malipiro aikidwe kwa onse mofanana. Pulofesa amene sakuwafuna akhoza kuwabweza yekha mwakacetecete, kuti athandize kulipira basi ya mnzake wocokera ku Lundazi kapena ku Petauke.