Nyali Zothwanima Zisakhale za Aliyense

Kwathu ndi ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Msewu umene ife a kuchigwa cha Shire timadalira ndi wa M1, wochokera ku Nsanje kudzera pa Bangula, Ngabu, Nchalo ndi Dyeratu, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako n'kuyamba chikweza cha Thabwa. Wodwala amene watumizidwa ku Gulupu, ku Blantyre, amadutsa momwemu, ndipo ngati wachokera ku Nsanje amayenda makilomita oposa 150 m'kutentha kwa kwathu kuja. N'chifukwa chake nkhani ya nyali zothwanima pa galimoto sindiitenga ngati yamasewera.

Tsiku lina ndidakwera minibasi pobwerera kusukulu. Titangopitirira pa Nchalo, kumbuyo kudatulukira galimoto ikuthwanimitsa nyali za buluu. Dalaivala wathu adapatukira kumbali msangamsanga, mpaka mayi wina amene ankapalasa njinga atanyamula nkhuni adagwera m'ngalande. Galimotoyo podutsa tidaona kuti munali anyamata anayi, nyimbo zili pamwamba, wina botolo lili m'manja. Sadali apolisi. Tili pakati pa chikweza cha Thabwa, pamene msewu umakhotakhota, kudamvekanso kulira kwa sailini. Kondakitala adati, "Ndi omwe aja, asiyeni adikire." Bambo wina wachikulire adachita kukalipa kuti, "Adalaiva, tapatukani, imeneyo ndi ambulansi!" Pofika pamene tinkapeza malo opatukira, ambulansiyo idali itatsatira kumbuyo kwathu kwa kanthawi ndithu. Amene adali m'katimo sitidamuone.

Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Koma anthu akanamizidwa kawirikawiri, amaleka kumvera ngakhale amene akunena zoona.

Lamulo la pamsewu la dziko lino, la m'chaka cha 1997, limalola oyendetsa ambulansi, galimoto yozimitsa moto ndi apolisi apamsewu ali pa ntchito kupyola liwiro loikika ndiponso kusatsata zizindikiro zina za pamsewu. Komabe limawauza kuti asamale miyoyo ya anzawo, ndipo madalaivala ena onse limawalamula kupereka mpata. Apa tione bwino. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu, chifukwa munthu mmodzi akuuza msewu wonse kuti uime. Boma lidaipereka kwa ochepa, osati poona maudindo awo, koma poona kuti mphindi zochepa zikhoza kupulumutsa mayi amene mwana wapingasa kapena mnyamata amene ng'ona yamugwira ku Shire.

Lero nyalizi zikugulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ngati zokongoletsera. Akabaza a njinga zamoto amazimangirira kutsogolo ndi kumbuyo. Pa mdipiti wa ukwati simulephera kuona imodzi. Nthawi ya kampeni ndiye osanena: aliyense wofuna mpando amafuna anthu a pa Ngabu adziwe kuti kwabwera bwana, mbuzi ndi ana zibalalike. Ine ndimaona kuti ambiri mwa anthu amenewa alibe mtima woipa. Akungofuna ulemu. Koma ulemu umenewo akuutapa m'nkhokwe ya odwala.

Palinso china choopsa. Abale athu amene amagwira ntchito ku South Africa amasimba za achifwamba amene amaika nyali za buluu pa galimoto wamba, n'kuimitsa anthu usiku ngati apolisi, kenako n'kuwalanda katundu. Madalaivala ambiri kumeneko amaopa kuima pamalo a mdima ngakhale owaimitsawo atakhala apolisi enieni. Pakati pa Ngabu ndi Bangula pali malo aatali opanda magetsi. Kodi tidikire kuti zifike pamenepo?

Mnzanga wina wa ku Makhanga adanditsutsa. Adati ambulansi kwathu n'zochepa, ndipo odwala ambiri amapita kuchipatala pa matola, pa kabaza ngakhale pa ngolo. Adandikumbutsa za namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi adadula misewu ndipo aliyense amene adali ndi galimoto kapena bwato adasanduka wopulumutsa anthu. "Ndiye iwe ukufuna amene wanyamula wodwala pa galimoto yake azingoyenda ngati akupita kumsika?" Funso lake ndi lomveka, ndipo lidandisowetsa tulo. Koma wotereyu ali ndi hutala, ali ndi mahazadi, ndipo akafika pa rodibuloko akhoza kufotokoza. Tikati aliyense akhale ndi nyali kudikira tsiku la ngozi, adzaiyatsanso tsiku limene wachedwa ku msika wa ng'ombe. Kuchepa kwa ambulansi kumathetsedwa pogula ambulansi ndi kuzithira mafuta.

Oyendetsa ambulansi nawonso asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Ndidaonapo ambulansi ikuliza sailini, koma itaima mudatsika anthu athanzi ndi matumba a makala. Onse amene adaona tsiku limenelo adzaganiza kawiri asadapatuke ulendo wina.

Pempho langa kwa apolisi apamsewu ndi laling'ono. Pa Thabwa galimoto zimaima kale, ndipo amayang'ana laisensi, inshuwalansi ndi matayala. Ayang'anenso padenga, kutsogolo ndi pagalasi. Nyali imene mwini wake sangaonetse chilolezo chake imasulidwe pomwepo, kaya galimotoyo ndi ya kabaza, ya mwini sitolo kapena ya phungu.