Alandeni Mpeni Anthu Odula Mabuku Akale

Mu Okutobala 2022, ku okushoni ya Sotheby's mumzinda wa London, munthu wina anapereka mapaundi 8.1 miliyoni kuti atenge tsamba limodzi la buku. Nyuzipepala zinaimba nthungululu, ati mtengo wapita patali. Ine mtima unandiwawa, ndipo ukuwawabe. Tsamba limenelo linali ndi anzake 758 m'chikuto chimodzi, ndipo linafika pa tebulo la ogulitsa chifukwa munthu wina wachuma anaphwasula bukulo dala, ali ndi nzeru zake zonse.

Bukulo ndi Shahnameh ya Shah Tahmasp. Mawu ake ndi ndakatulo yaitali ya Ferdowsi yofotokoza mafumu a ku Iran, imene anaimaliza m'chaka cha 1010. Kope limeneli linayamba kulembedwa ku Tabriz cha m'ma 1520, ndipo akatswiri monga Sultan Muhammad ndi Mir Musavvir anathera zaka zambiri akujambulamo zithunzi 258. Mu 1568 linatumizidwa ngati mphatso kwa Selim II, mfumu ya Aturuki. Linakhala ku Istanbul zaka mazana atatu, kenako linapita kwa banja la Rothschild ku Paris. Mafumu anagwa, nkhondo zinadutsa, chinyontho ndi njenjete zinalephera. Bukulo linali lathunthu pamene Arthur Houghton Jr wa ku America analigula mu 1959.

Musaganize kuti Houghton anali mbuli. Laibulale ya mabuku osowa ya pa yunivesite ya Harvard imatchedwa dzina lake. Anakhalapo wapampando wa Metropolitan Museum ku New York. Ankadziwa bwino chimene chinali m'manja mwake. Anamasula ulusi wa bukulo kuti zithunzi zijambulidwe, ndipo sanalisokenso. Mu 1970 anapereka zithunzi 78 ku Metropolitan Museum, zina anayamba kuzigulitsa chimodzichimodzi ku okushoni. Iye atamwalira, zotsala, zomwe zinali zithunzi 118, masamba a mawu okha ndi chikuto, zinabwerera ku Iran mu 1994 posinthana ndi chojambula cha Willem de Kooning pa bwalo la ndege la Vienna. Zimene zaka 400 zinasunga, munthu mmodzi anazimwaza, ndipo palibe khoti limene linamuitana. Anafa akutchedwa bwenzi la mabuku.

N'chifukwa chiyani anthu amadula mabuku chonchi? Funsani aliyense wopha ng'ombe pamsika. Ng'ombe yamoyo ili ndi mtengo umodzi, ndipo ogula ndi ochepa. Ikagwa pansi n'kudulidwa nthulinthuli, aliyense amagula kilo yake, ndipo ndalama zimachuluka. Malonda a masamba a mabuku akale amayenda chimodzimodzi: buku lathunthu lingagulidwe ndi anthu owerengeka, koma tsamba loika mufelemu pabalaza ali nalo makasitomala ambirimbiri. Nkhani yonse yagona pa dyera basi, ngakhale eni ake amaiveka jekete ndi tayi.

Georges Demotte, wogulitsa zinthu zakale ku Paris, anachita zoposa pamenepo. Cha m'ma 1910 anapeza Shahnameh ina, ya m'ma 1330, ya nthawi ya mafumu a Chimongoliya ku Iran. Atalephera kuigulitsa yathunthu pa mtengo umene ankafuna, anaidula. Masamba ena anali ndi chithunzi mbali zonse ziwiri. Tsamba lotero analing'amba m'kunenepa kwake, kulekanitsa nkhope ndi msana wa pepala limodzi, n'kumata mbali iliyonse pa tsamba lina kuti agulitse kawiri. Zithunzi zina zinaonongeka pa ntchito yonyansayo. Lero zodziwika sizikwana 60, ndipo zili m'maiko osiyanasiyana.

Kuti mumvetse kukula kwa mlanduwu, onani mmene buku la ku Ulaya la makedzana linkapangidwira. Masamba ake anali zikopa za ana a ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi. Chikopa ankachiviika m'madzi a laimu kwa masiku angapo kuti ubweya usosoke, kenako ankachikunga pa thabwa n'kumachipala ndi mpeni wopindika mpaka chitapyapyala, n'kuchikhula ndi mwala kuti chisalale. Ukayang'anitsitsa tsamba lotero umaona timabowo ta ubweya mbali imodzi, nthawi zina chipsera cha pamene nkhupakupa inaluma nyamayo ili moyo, ndipo mlembi ankangolambalala bowolo n'kupitiriza chiganizo. M'mphepete muli timabowo ta singano timene ankayezera mizere. Cholembera chinali nthenga ya tsekwe. Utoto wabuluu wodula kwambiri unkachokera ku mwala wokumbidwa m'mapiri a Afghanistan. Baibulo lotchedwa Codex Amiatinus, lolembedwa kumpoto kwa England cha m'ma 700, linadya zikopa za ana a ng'ombe oposa 500. Oweta, ofufuta zikopa, alembi, ojambula ndi osoka onse anaika thukuta lawo m'chinthu chimodzi. Wodula amamaliza ntchito yake madzulo amodzi ndi lezala.

Pali dzina limodzi limene ophunzira za mabuku akale ku America sangalilambalale: Otto Ege wa ku Cleveland, mphunzitsi wa zaluso amene anamwalira mu 1951. Iyeyu sankabisa. Mu 1938 analemba nkhani m'magazini yovomera poyera kuti amaphwasula mabuku, ndipo anapereka chifukwa chimene anthu akuchibwerezabe mpaka lero: kuti buku lathunthu limatsekeredwa m'kabati ya wolemera mmodzi, pamene masamba ake akamwazika, anthu ambiri wamba ndi masukulu ang'onoang'ono amapeza mwayi wogwira chinthu chenicheni cha makedzana. Anasonkhanitsa masamba a mabuku 50 osiyana n'kuwaika m'mabokosi 40, bokosi lililonse tsamba limodzi la buku lililonse.

Chifukwa chimenechi chimamveka chokoma, ndipo ndikudziwa kuti ana asukulu ambiri anayamba kukonda mbiri yakale atagwira masamba a m'mabokosi amenewo. Komabe ndikuchikana chonse. Ngati cholinga chinali kuphunzitsa, buku lathunthu likanatha kuyenda sukulu ndi sukulu, kapena kuikidwa mu laibulale ya anthu onse. Masambawo ankagulitsidwa, sankagawidwa ulere. Ndipo mwana amene wagwira tsamba limodzi waphunzira chiyani? Chiganizo chayambira pa tsamba limene lili ku Ohio, chathera pa tsamba limene lili ku Tokyo kapena limene linatayidwa. Kumayambiriro kwa buku la mapemphero kumakhala kalendala ya oyera mtima, ndipo mayina a oyerawo ndi amene amatiuza dera limene bukulo linalembedwera. Kumapeto mlembi nthawi zina ankalemba dzina lake ndi chaka. Pa masamba oyamba eni ake ankalemba mayina awo ndi masiku obadwa a ana awo. Kasokedwe ka ulusi kamatiuza ngati pali tsamba losowa. Zonsezi zimafa tsiku lodula, chifukwa wogulitsa amasunga masamba a golide ndi zithunzi, ndipo chikuto ndi masamba osakongola zimapita kumene palibe amene amazifunsanso. Chimene Ege anagawira anthu ndi zokongoletsa khoma. Bukulo analipha.

Taonani buku la Misa la ku Beauvais ku France. Linalembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, linali ndi masamba 309, ndipo ansembe anaimbira Misa m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Linapulumuka chipwirikiti cha ku France cha m'ma 1790. William Randolph Hearst, mwini nyuzipepala zambiri ku America, analigula lathunthu mu 1926. Mu 1942 linagulitsidwa kwa Philip Duschnes wa ku New York, amene analidula, ndipo masamba ambiri anadutsa m'manja mwa Ege. Katswiri wina, Lisa Fagin Davis, watha zaka akulondola masambawo limodzilimodzi ndipo wapeza opitirira 100. Mu 2022 mnyamata wina ku Maine anagula tsamba lina la bukuli pa madola 75, pa malonda a katundu wa m'nyumba, lili mufelemu pakati pa ziwiya zina. Nkhaniyo inafalitsidwa ngati mwayi wa mnyamatayo. Ine ndikuonapo umboni wa mlandu: pemphero limene linaimbidwa pa guwa zaka 700 zapitazo linatsala pang'ono kupita kudzala pamodzi ndi mipando yothyoka. Nanga masamba enawo, pafupifupi 200, ali kuti?

Wina anganene kuti zidutswa za mabuku akale zilipo zambiri, ndipo akatswiri amazikonda. Zoona. Henry VIII atatseka nyumba za amonke ku England pakati pa 1536 ndi 1540, zikopa za mabuku awo zinagwiritsidwa ntchito kukutira mabuku ena ndi makalata a minda, ndipo lero timapeza tizidutswa m'misana ya mabuku osindikizidwa. Masamba awiri a Qur'an amene ali pa yunivesite ya Birmingham anayezedwa, ndipo mu 2015 kunalengezedwa kuti chikopa chake ndi cha pakati pa 568 ndi 645. Anzake 16 ali ku Paris. Codex Sinaiticus, Baibulo la Chigiriki la m'ma 300, lagawika panayi: London, Leipzig, St Petersburg ndi nyumba ya amonke ya St Catherine pa phiri la Sinai, kumene masamba ena anapezeka mu 1975. Baibulo limene timawerenga m'matchalitchi mwathu ndi Qur'an imene imawerengedwa m'mizikiti mwathu zinafika kwa ife kudzera m'zikopa zotere, choncho nkhaniyi si ya Azungu okha. Chidutswa chopulumuka moto kapena nkhondo timachilandira ndi manja awiri chifukwa ndicho chatsala. Koma kutenga buku limene lapulumuka lathunthu n'kulisandutsa zidutswa kuti upeze phindu, kumeneko n'kuchita ndi manja ako zimene moto unalephera.

Ife a kuno kumwera kwa Africa mpeni umenewu timaudziwa. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anafika pa mabwinja a Great Zimbabwe, anthu a m'deralo akumukaniza, ndipo anadula mbalame yosema pa mwala kuichotsa pa nsanamira yake chifukwa yonse inali yolemera kunyamula. Anaigulitsa kwa Cecil Rhodes. Mbalame ina inathyoka pawiri, ndipo gawo la m'munsi linakathera ku Berlin mpaka pamene linaperekedwa poyera ku Zimbabwe mu 2003. Maganizo ake ndi omwewo: tenga chokongola, siya cholemera, gulitsa kwa amene ali ndi ndalama.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zimenezi sizinathe ndi Ege kapena Houghton. Lero lino timabuku ta mapemphero ta m'ma 1400 timagulidwa tathunthu ku okushoni, ndipo pakapita miyezi masamba ake amayamba kuoneka pa eBay limodzilimodzi. Ku America ndi ku Britain palibe lamulo loletsa munthu kudula buku limene analigula mwachilungamo. Pangano la UNESCO la 1970 limalimbana ndi kuba ndi kuzembetsa zinthu zakale, koma silifika pa tebulo la mwini wake amene wagwira lumo. Amati katundu ndi wake. Ayi. Munthu amene wagula nyumba yakale yotetezedwa ndi boma ku England saloledwa kuigwetsa, ngakhale ndalama zinali zake. Buku la zaka 600 lichepa pati? Wogula buku lotero ndi mlonda wa kanthawi kochepa, ndipo mlonda saloledwa kugulitsa zitseko.

Pali akatswiri amene akuyesetsa kulumikiza masamba omwazika pa kompyuta. Zithunzi za Codex Sinaiticus zinaikidwa pamodzi pa intaneti mu 2009, ndipo ntchito ya Fragmentarium ya ku Fribourg ku Switzerland ikusonkhanitsa zidutswa zambiri. Anthu amenewa ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Koma ogulitsa asabisale kumbuyo kwawo n'kumati palibe chatayika popeza zithunzi zilipo. Madzi akatayika saoleka. Chithunzi sichibweza ulusi, sichibweza chikuto chimene chinatayidwa, ndipo tsamba limene lili m'chipinda chogona cha munthu wosadziwika palibe kamera imene idzalione.

Mlandu waukulu ndikuuika pa ogula, makamaka amene amadzitcha osunga chuma cha anthu onse. Yunivesite kapena nyumba yosungira zinthu zakale ikagula tsamba la buku lodulidwa chaka chatha, ikulipira lezala yodulira buku lotsatira. Ileke. Ilembe poyera kuti siidzagulanso kapena kulandira ngati mphatso tsamba lililonse limene wogulitsa sangasonyeze kuti linalekana ndi buku lake kalekale. Makampani a okushoni monga Sotheby's ndi Christie's, amene amadya gawo pa malonda onse awiri, pogulitsa buku lathunthu ndi pogulitsa masamba ake, akane kugulitsa kwa anthu odziwika kuti amadula. eBay iletse malondawa monga inaletsera malonda a minyanga ya njovu. Maboma a maiko amene misika imeneyi ili akhazikitse lamulo lakuti kudula buku lolembedwa pamanja la makedzana ndi mlandu wopita nawo kundende. Ndipo amene akusunga masamba a Shahnameh ya Tahmasp, kuyambira Metropolitan Museum ndi zithunzi zake 78, akhale pansi ndi a ku Tehran akambirane za tsiku limene masamba onse odziwika adzaonekere m'chipinda chimodzi, motsatana monga alembi a ku Tabriz anawasanjira.